Chimake Chopanda Mpeni

Ndikatseka maso ndimaonabe chala chachikulu cha bambo anga chikuyenda pa mpeni. Chinali chala chakuda ndi utomoni wa fodya umene sopo sankautha, chikhadabo chake chosweka pakati, ndipo sichinkatsata kuthwa kwa mpeni monga achitira ana ofuna kudzicheka, koma chinkadutsa mopingasa, pang'onopang'ono, bambo atapendeketsa mutu ngati chitsulocho chikuwanong'oneza kanthu. Tinali pa msika wa ku Wimbe, dzuwa la malimwe likuwamba, mipeni itayalidwa pa chiguduli, ina yopinda, ina yaitali, ina ya zigwiriro zofiira, yonse ikung'anima mondimezetsa malovu. Bambo ankaitola umodziumodzi ndi kuibweza umodziumodzi, mpaka wogulitsa anafunsa ngati tabwera kudzagula kapena kudzapereka moni kwa mipeniyo. Mpeni umene tinkafuna tsiku limenelo unali wanga, ndipo ndikulemba izi kuti pakhale penapake pamene palembedwa kuti unali wanga.

Nyengo imeneyo fodya anali atapita kale ku msika. Zigafa zinatsala mitengo yokhayokha, koma fungo la tsamba louma linkakhalabe m'udzu wa denga, moti ukalowamo kukabisala pa masewera unkatuluka ukuyetsemula ndipo anzako ankakupeza mosavuta. M'mawa tinkatsikira ku dambo ndi zidebe kukathirira nazale ya fodya wa chaka chotsatira, mapazi akuwawa ndi ming'alu, ndipo tikaweruka tinkakwapula nguli pabwalo kapena kukumba mbewa m'minda yokololedwa. Mitengo ya mombo inali itaphuka masamba ofiira. Kumadzulo, cha ku Chisemphere, tchire linkapitirira mpaka pamene maso alekera, ndipo masana alionse utsi unkakwera kumeneko, phulusa la udzu nkumagwera pa zovala zimene amayi ayanika. Utsi umenewo unali uthenga wakuti nthawi ya uzimba yakwana, nthawi imene amuna a midzi ingapo ankasonkhana ndi agalu, mauta ndi nthungo, kutentha tchire ndi kusaka nyama pamodzi.

Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali kwa Lukwa, ndipo anabwera kudzakhala pa mudzi wa amayi monga mwambo unkafunira. Achinyamata a lero mwina sadziwa kulemera kwa mawu amenewa. Munda umene bambo ankalima unali wa amayi, malo a nyumba anali a amayi, ndipo ife ana tinali a mbumba ya amalume, a Yotamu, mchimwene wa amayi. Akuluakulu ankati mkamwini asamakule mwendo, ndipo bambo anga sanaukuzepo. Sankakweza mawu pa mudzi, sankalowa nkhani imene sanaitanidwe. Koma ku uzimba zinthu zinkatembenuka. Nyama ikagwa, amuna omwe aja amene pa mudzi ankawatuma ngati mwana ankafuula dzina lawo, chifukwa panalibe wotumbula nyama mwaukhondo ngati iwo. Ena akatumbula, nyama inkafika ku mudzi ikununkha za m'chifu, amayi nkumaitsuka akung'ung'udza. Ya bambo inkafika ikununkhira utsi ndi masamba, ndipo chikopa chake chinalibe bowo lina kupatula pamene nthungo inalowera.

Chaka chimenecho anandiuza kuti mapewa anga akula, ndipita nawo ku uzimba, ndipo munthu wopita ku uzimba ayenera kukhala ndi mpeni wake. Ndicho chimene chinatifikitsa ku msika kuja. Pobwerera chimanjamanja ine nditatupa, anandifotokozera chifukwa chake anakana mipeni yonse ija. Yopinda anati imasunga magazi ndi ubweya m'mfundo mwake, ndipo tsiku lina imadzapinda pa chala cha mwini wake. Yaitali ija, imene ine ndinaikonda kwambiri, anati ndi ya anthu ofuna kuopseza anzawo ku mowa, pakuti m'mimba mwa nyama dzanja limagwira ntchito kumene maso saona, ndipo mpeni wotalika kuposa chikhatho umafika kumene sunautume. Ya nsonga ngati singano anati imaboola chifu ndi ndulu, ndipo ndulu ikasweka ntchito ya amuna onse ndi agalu awo yapita pachabe. Mpeni wotumbulira nyama, anatero, uyenera kukhala ndi mimba yozungulira ngati mwezi wongokhala kumene, msana wokhuthala woti chala chikhalepo, ndi chitsulo chimodzi chochokera kunsonga mpaka kumapeto kwa chigwiriro. Za kung'anima anangoti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tinapita kwa a Chikuse, mmisiri wosula zitsulo amene ankakhala kuseri kwa phiri, pansi pa chisakasa chakuda ndi mwaye. Ndimamvabe fungo la makala a muwanga ndi la chitsulo chotentha chikaviikidwa m'madzi, ndi kupuma kwa mvukuto ya chikopa cha mbuzi imene anandipatsa kuti ndizipopa. Anatiyalira zitsulo ziwiri, tupa yakale ndi chidutswa cha sipuling'i ya lole. Bambo anati tupa imathwa bwino koma ndi yaukali, ikakumana ndi fupa imathetheka, ndipo anasankha sipuling'i, imene yazolowera kupindika ndi kubwerera pansi pa katundu. Mpeni woyamba umene a Chikuse anasula bambo anaugogoda ndi chikhadabo pafupi ndi khutu, namva kulira kwake, naubweza. Mmisiri uja anatukwana pang'ono, nati akamwini a masiku ano akusankha mpeni kuposa mmene anasankhira mkazi. Bambo anaseka nati mkazi anamupeza wosulidwa kale bwino. Wachiwiri unalira nthawi yaitali, mopyapyala, ndipo utanoledwa unameta ubweya wa pa mkono wawo osakanda khungu.

Chigwiriro anasema okha pakhonde, cha muwanga, ndipo sanachisalaze. Ine ndinafuna kuchikwecha ndi tsamba lokhakhala kuti chiwale, koma anati magazi ndi mafuta a nyama amaterera kuposa therere, chigwiriro chosalala chimathawa m'manja. Chimene sindidzaiwala ndi ichi: posema sankayeza ndi dzanja lawo. Ankandiitana pa masewera, kundigwiritsa, kuyang'ana pamene zala zanga zafika, ndi kusemanso. Anasiya malo pang'ono oti dzanja likulire. M'dzanja lawo lalikulu lija chigwirirocho chinkasowa, chala chaching'ono chikulendewera kunja. Aliyense wa maso akanaona kuti mpeni umenewu sunasulidwire iwo.

Koma sanandipatse. Anaufunga m'chigamba ndi kuusomeka m'denga pamwamba pa chitseko, nandiuza zinthu ziwiri zoyenera kuchitika. Choyamba, nditumbule nawo nyama ndekha osaboola kanthu. Chachiwiri anachinena motsitsa mawu.

"Iwe ndiwe wa eni ake. Ine sindingaike chitsulo chakuthwa m'manja mwa mwana wa mbumba ya anthu kuseri, ngati ndikuba. Ndidzakupatsa amalume ako atakhala pa mphasa, akuona, kuti mawa pasadzakhale wofunsa."

Uzimba wa chaka chimenecho unali wotentha moti agalu ankagona m'mithunzi osafuna kudzuka. Tinayenda kumbuyo kwa moto, nthaka ikuwotcha kupyola m'nkhwaira, phulusa likulowa m'mphuno, mbalame zikuwakha ziwala zothawa utsi. Gulu lonse litathamangira nguluwe kutsidya kwa dambo, gwape anatumphuka pa chitsamba chimene moto unachilambalala, galu wathu anamutembenuza, ndipo nthungo ya bambo inamupeza kuseri kwa phewa. Tinatsala awiri. Bambo anathyola masamba aawisi, nagoneka nyamayo chagada mutu uli kumtunda, nanditambasulira mpeni uja chigwiriro chili kwa ine, kenaka anakakhala pa chulu ndi kupinda manja.

Ndinatsina khungu pansi pa chifuwa ndi kulikweza, ndinacheka kabowo koti zala ziwiri zilowe, ndinalowetsa zalazo ndi kukankhira matumbo pansi, ndipo mpeni ndinaukhazika pakati pa zala, kuthwa kuli kumwamba, monga ndinawaonera nthawi zambiri. Unayenda wokha. Mimba yake yozungulira ija inkatsegula khungu ngati munthu akung'amba tsamba la nthochi, nsonga osakhudza kanthu. Kutentha kwa m'mimba mwa nyama kunandifika kumaso, fungo la udzu wofunda ndi magazi, ntchentche zikuyamba kufika. Nditafika pa chikhodzodzo ndinaima, ndinayang'ana kwa bambo, koma iwo ankayang'ana kumwamba ngati akuwerenga akabawi. Ndinachizungulira pang'onopang'ono, ndipo zonse zinatuluka pamodzi, zamphumphu, ndi kugwera pa masamba. Bambo anatsika pa chulu, nanunkhiza m'kati mwa nyama, natembenuza chifu ndi kamtengo kufuna bowo. Sanalipeze. Anapukuta mpeni pa udzu, nausomeka m'lamba wawo, nati ndakhoza, tsopano tidikire amalume. Sindinaonepo nkhope yawo itawala chotero, ndipo anayesetsa kuibisa pomanga miyendo ya gwape ndi luzi.

Chikopa cha gwapeyo anandipatsa kuti ndisoke chimake, thumba losungiramo mpeni. Tinachikhomera pansi ndi zikhomo kuseri kwa nyumba, ndinachipala, ndinachifewetsa ndi manja mpaka zikhatho zinatuluka matuza. Bambo anatsitsa mpeni kudenga kuti tiyezere. Tinakulunga chikopa chili chonyowa pa chitsulocho kuti chiume motsata maonekedwe ake, ndipo ndinasoka ndi mtsempha, misoko yokhotakhota ya mwana. Chitauma, mpeni unkalowa ndi kaphokoso kakang'ono ngati munthu akumeza, ndipo ngakhale uzondotse sunkagwa. Ndiye mpeni unabwerera kudenga, chimake ndinkagona nacho kumutu.

A Yotamu nthawi imeneyo anali kapitawo pa esiteti yatsopano ya fodya, kumene anthu ankazula mitengo ya tchire lomwe lija tinkasakamo. Sikunali kutali. Wa njinga akananyamuka m'mawa, kudya nafe masana, ndi kubwerera dzuwa lisanalowe. Bambo anatumiza uthenga, yankho linabwera lakuti ntchito yachuluka. Anatumizanso, yankho linali lomwelo. Lamulungu lina anabweradi, atavala nsapato zatsopano ndi chipewa, ndipo bambo anayala mphasa, amayi anapha nkhuku, ine ndinasamba popanda wondiuza. Anadya nkhukuyo. Bambo atayamba kufotokoza, mwaulemu, mozungulira monga mkamwini ayenera kuyambira, amalume anayang'ana dzuwa, nati akudikiridwa kwa anzawo kumene kunali mowa, za mipeni tidzaziona fodya akawokedwa. Ndakhala zaka zonsezi ndikuyeza m'mutu mwanga nthawi imene inkafunika. Inali yochepa kuposa imene anatha potsuka mafuta a nkhuku m'manja. Bambo akanatha kungoimirira, kutsitsa mpeni, ndi kundipatsa pamene amalume ankakwera njinga, ndipo amalumewo akanakhala kuti aona. Koma bambo sakanachita chinthu chotero mothamanga, kumbuyo kwa munthu. Anapinda mphasa, nandiuza kuti mpeni suwola.

Mvula yoyamba inagwa, fungo la dothi linadzaza mudzi, inswa zinatuluka, ndipo aliyense anathamangira kuwoka fodya nthaka isanaume. Bambo anagwira masiku otsatizana akuvumbwa, kunyamula mbande kuchokera ku dambo, malaya akuumira m'thupi. Anayamba kutsokomola, kenaka chifuwa chinawagwira moti kupuma kunkamveka panja. Anati ndi chibayo. M'mawa umene anawakweza pa ngolo kupita nawo ku chipatala, powatulutsa pakhomo maso awo anakwera kudenga pamwamba pa chitseko, kenaka anatsikira kwa ine, koma mpweya wolankhulira panalibe. Sanabwerere. Maliro anakaikidwa kwawo kwa Lukwa, pakati pa abale awo, pakuti mkamwini ndi mlendo mpaka m'manda.

Panali anthu amene pambuyo pake ankandiuza kuti ndinali wopusa, ndikanautsitsa mpeniwo ndi kukaukwirira m'munda abale a bambo asanafike. Ndinadziwa pamene unali, ndipo mpando wokwerapo unalipo. Sindinaukhudze, ndipo mpaka lero sindiona kuti ndinalakwa. Munthu amene anakana kundipatsa kuseri sindikanamubera kuseri.

Atameta maliro, abale a bambo anabwera kudzatenga katundu wa malemu, monga mwambo unkanenera kuti za mwamuna zimabwerera kwa alongo ake ndi ana awo. Anatsogolera ndi azakhali, mlongo wa bambo, ndi mwana wawo Lingisoni, msuweni wanga, mnyamata wamkulu amene anali atayamba kale kumera ndevu. Katundu anayalidwa pa mphasa yomwe ija: uta, nthungo, nkhwangwa, jekete, bulangete, ndipo wina anapapasa kudenga natsitsa chigamba chija. Amayi ananena, atagwada, maso ali pansi, kuti mpeniwo malemu anasulitsira mwana. Azakhali anayankha mosakalipa kuti ngati malemu anapereka ali moyo palibe wolanda, koma chopereka chimakhala ndi mboni, anaona ndani? Onse anatembenukira kwa a Yotamu. Tsiku limenelo nthawi anali nayo. Anakhala pa mpando, chipewa chili pa bondo, nati zoona anamvapo kuti pali nkhani ya mpeni, koma iwo sanganame pamaso pa anthu, sanaone ukuperekedwa. Ananena zoona. Chimene sananene ndi chakuti anaitanidwa kuti adzaone, ndipo anadya nkhuku yake.

Pamenepo ndinachita chimene mwana sachita pa bwalo la akulu. Ndinathamangira m'nyumba, ndinabwera ndi chimake, ndinatola mpeni pa mphasa ndi kuulowetsa. Unalowa ndi kaphokoso kake kaja. Ndinauzondotsa, sunagwe. Ndinagwira chigwiriro kuti onse aone mmene zala zanga zikukwanira. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha, pakuti umboni woposa uwu ungachokere kuti? Koma azakhali anati chikopa chilibe pakamwa, koma zakhala bwino kuti chimake chapezeka, Lingisoni asavutike kusoka china. Amayi anga, amene moyo wawo wonse sanayankhepo alamu awo, anadzutsa mutu.

"Mpeni tengani, ndi wa kwanu. Koma chimakecho wasoka ndi mwana wanga, pa khonde langa. Chimenecho sichichoka pano."

Anasolola mpeni okha, naupereka kwa azakhali ndi manja awiri, chimake nandibwezera. Lingisoni anaukulunga m'jekete ya bambo, ndipo ndinawayang'ana akutsika njira ya ku dambo mpaka nsonga ya uta inabisika m'chimanga.

Ndinadzauonanso kamodzi, patapita zaka, nditapita kwa Lukwa ku maliro a azakhali. Lingisoni sanali munthu woipa, koma sanali mlenje, ndipo nthawi imeneyo kunalibenso kosaka. Unali m'chigafa chake, utasomekedwa pa nsanamira, ntchito yake kudula zingwe zosokera fodya. Nsonga inali itathyoka, akuti ankatsegulira chitini cha mankhwala. Mimba ija, imene a Chikuse anaisula kawiri, inali itadyeka ndi kunoledwa pa simenti mpaka kulowa m'kati ngati chikwakwa. Chigwiriro chokha ndicho chinali chimodzimodzi. Ndinachigwira, ndipo dzanja langa la munthu wamkulu linadzaza ndendende malo aja bambo anasiya oti ndikulire. Lingisoni anandipeza nditaugwira, nati ngati ndikuufuna ndingotenga, ndi kachitsulo chabe, ndipo chigwiriro chake chimamuchepera. Ndinaubwezera pa nsanamira. Sunali woti andipatse iye.

Lero tchire lija ndi minda ya fodya kuchokera pamsewu mpaka pamene maso alekera, ndipo nyama zotsala zili kuseri kwa waya, kumene munthu wolowa ndi nthungo amamangidwa. Sindidandaula za lamulo limenelo. Malamulo a chuma cha masiye nawo anasintha, ana sayang'ananso katundu wa bambo wawo akutsika njira. Adzukulu anga amandiseka kuti ndimasunga pepala lililonse, la feteleza, la chipatala, la njinga imene inatha kalekale, ndiponso kuti ndikafuna kupatsa mwana ngakhale khasu ndimaitana anthu tsiku lomwelo, osadikira Lamulungu. Asekeni. Iwo sanamve munthu wamkulu akunena zoona zimene zinali zoipa kuposa bodza. Bambo anandiphunzitsa kusankha chitsulo, kumva kulira kwake, kuyendetsa dzanja kumene maso saona, ndipo zonsezi ndinazisunga ngakhale ndilibe pozigwiritsa ntchito. Pa chinthu chimodzi chokha ndi pamene analakwitsa. Anati mpeni suwola, ndipo sunawoledi, koma sanaganize za dzanja loupereka.

Chimake chili m'sutikesi, pansi pa mapepala. Ubweya unathothoka, chikopa chauma gwa, koma chikadali ndi maonekedwe a mimba yozungulira ija. Ndagulapo mipeni yambiri m'moyo wanga, ina yabwino ndithu, ndipo uliwonse ndikafika nawo kunyumba ndimauyesa m'menemo. Ina imakana kulowa. Ina imalowa, koma ndikazondotsa imagwa.